Mtsinje Umene Sutchulidwa pa Khomo la a Domokos

Pa khomo pathu munthu safunsira mbeta ndi maluwa. Achimwene anga, a Domokos, amati maluwa n'chakudya cha mbuzi. Kuno mkamwini amadziwika tsiku limene wapatsidwa mwayi wotcha galu dzina, ndipo mudzi wonse wa Kunberek umadziwa zimenezi, ngakhale ena amatiseka tikapotoloka.

Anayambitsa ndi malemu bambo athu. Iwo ndiwo analembetsa khola lathu ku bungwe la oweta agalu, dzina la kholalo n'kukhala Berekparti, ndipo galu aliyense wa mtundu wa komondor wobadwira pano amanyamula dzinali patsogolo, lakelake n'kubwera pambuyo. Likalembedwa lalembedwa basi. Galu angagulidwe ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, adzafa nalo. Ana onse a galu timagulitsa kupatula mmodzi wamkazi wosunga mtundu, ndipo ameneyo satchedwa dzina ndi munthu wongodutsa. Malemu amuna anga, a Ambrus, atandizungulirazungulira mpaka nsapato kutha, bambo anangowakankhira kagalu ndi phazi n'kunena kuti, "Katcheni." A Ambrus anati Bodrog, ndipo mwezi wotsatira ndinali nditavala zoyera. Mpaka lero ndikamva dzina limenelo pa wailesi ndimasiya chimene ndagwira.

Dzinalo liyenera kukhala la mtsinje. Abusa a nkhosa akale ankati galu wa dzina la mtsinje sagwidwa chiwewe, chifukwa sangaope madzi amene amaitanidwa nawo. Masiku ano dokotala wa ziweto amabwera ndi jakisoni wake, koma achimwene amati jakisoniyo ndi wongothandizira. Mitsinje yambiri ya dziko lino yauwapo pabwalo pathu, kupatula umodzi. Kraszna sutchulidwa pano. M'mbali mwa mtsinje umenewo ndi mmene munapita mkazi wa achimwene, atatengana ndi munthu wina woyendetsa makina okolola tirigu, kusiya kamwana kawo Hajnalka kasanayambe n'sukulu yomwe. Ndinamulera ndine, Etelka. Olosera zanyengo akangoutchula mtsinjewo, achimwene amadzuka n'kuzimitsa kanema, ife n'kumangoyang'ana m'mbale.

*

Chaka chino galu wathu wamkazi, Tisza, anaswa ana ake omaliza, amuna atatu ndi wamkazi mmodzi.

Ndakhala ndi agalu moyo wanga wonse, koma Tisza ndimamupatsa ulemu umene sindipatsa ngakhale abusa a kutchalitchi. Akaimirira amandifika m'chiuno. Ubweya wake woyera unapotana zingwezingwe mpaka kukhudza pansi, maso osaoneka, koma iye amaona chilichonse. Sauwa pachabe. Mlendo akatsegula chipata amamusiya alowe bwinobwino, kenako amapita kukakhala pakati pa iye ndi chipatacho, ndipo munthuyo satulukanso mpaka mwini khomo atanena. Wonyamula makalata wina anaima pansi pa mtengo wa mapeyala kuyambira m'mawa mpaka titabwerako kumsika. Tinamupeza akulira ngati mwana, koma Tisza sanamukhudze n'komwe.

Bungwe limafuna kuti ana obadwa pamodzi mayina awo ayambe ndi chilembo chimodzi, ndipo ulendo uno chinali K. Amunawo achimwene anawatcha okha: Kapos, Kerka ndi Koppány. Wamkaziyo anamusiya wopanda dzina. Ndiye mudzi wonse unadziwa kuti a Domokos aganiza zokwatitsa mwana.

Amene ankamufuna iwo anali Vendel, mwini galu wamwamuna amene anabereka anawo. Vendel ndi mnyamata wosamba, wagalimoto yakuda, ndipo khoma la pabalaza pake linadzaza maliboni a ku zionetsero. Amadziwa kuseka nthabwala za achimwene zisanathe n'komwe. Ine sindinkamuda, koma ndinkaona kuti akabwera, Tisza amadzuka n'kukagona chopingasa pakhomo la khola la ana ake.

Amene Hajnalka ankamufuna anali Botond, mphunzitsi wa nyimbo wa kutauni, wamtali, woonda, wamakutu otuluka. Munthu wabwino mtima ngati mkate wa m'mawa. Vuto lake linali limodzi: galu anamuluma pamsongolo ali mwana, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale kagalu ka m'manja kakamuyang'ana amawoloka msewu. Chibwenzi chawo chonse chinachitikira pokwerera basi. Achimwene ankamutcha "mkamwini wa pa depoti".

Lachisanu lina ku bala, kachasu wathu wa pálinka atawakwera, achimwene anamenya tebulo anthu onse akumva. Anati mphunzitsiyo akadzalowa yekha pachipata chawo, Tisza n'kumusiya ndi buluku lathunthu, ndiye adzatche kagaluko. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Vendel anagulira aliyense chakumwa, n'kuwaonetsa lamba wa m'khosi amene anali atazokotetsapo kale dzina limene anasankha, Kurca.

*

Nkhani ya ku bala inafika kukhitchini kwathu achimwene asanafike. Lachisanu lotsatira Hajnalka ankasenda mbatata ngati zamulakwira.

Ndinamufunsa ngati anamuuza mnzakeyo, ndipo anati anamuuza, koma Botond anangoyankha kuti chikondi sichiyezedwa ndi mano a galu. Anakangana pa depoti pomwepo. Iye anamunena kuti ndi wamantha, Botond n'kumubwezera kuti ngati akufuna wolimba mtima, wagalimoto yakuda alipo. Anasiyana osatsanzikana, ndipo masiku anadutsa foni ili zii.

"Azakhali, kodi ndine wopusa?" anandifunsa, misozi ili lengelenge. "Munthu woopa chipata cha kwathu angandisunge?"

"A Ambrus ankaopa atsekwe," ndinamuyankha. "Anandisunga zaka zonse zija, ndipo atsekwe ndinkathamangitsa ndine."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta manja n'kutenga foni. Anandionetsa uthengawo asanautumize. Unali waufupi: Lamlungu mayi wa ku bungwe akubwera kudzalemba mayina a anawo, ndipo Vendel waitanidwa ku chakudya. Ukapanda kulowa pachipata tsiku limenelo, usadzandidikirenso pa depoti.

Yankho silinabwere. Loweruka lonse mwanayo anayenda ndi foni m'thumba la epuloni, akuitulutsa ndi kuibweza, mpaka ine amene ndinkangoonerera mutu unandipweteka.

*

Lamlungu titabwerako kutchalitchi, Vendel anali atafika kale ndi botolo la vinyo ndi lamba wake uja m'kabokosi. Mayi wa ku bungwe anafika patangopita kanthawi, wamagalasi, wachikwama chachikulu, n'kuyamba kuona mano ndi makutu a anawo achimwene atamugwira Tisza pakhosi. Atamaliza tinalowa m'nyumba. Hajnalka anaima pawindo la kukhitchini. Ine ndinkaonjola mafuta pa supu ya nkhuku pamene ndinamva mwanayo akukoka mpweya.

Botond anali pachipata, atavala suti ya pa makonsati, chipewa kumutu. Nkhope yake inali yoyera ngati ufa. Anagwira chitsulo cha chipata kwa nthawi yaitali, kenako anakankha, n'kulowa, n'kutseka kumbuyo kwake.

Tonse tinatulukira pakhonde, ndipo achimwene anatambasula mkono kuti wina asatsike. Tisza anadzuka pa khola la ana ake. Sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, zingwe za ubweya zikugwedezeka uku ndi uku, n'kumudutsa Botond, n'kukaima pakati pa iye ndi chipata monga amachitira. Kenako anatembenuka n'kubwera kudzaima patsogolo pake, mphuno ili pafupi ndi lamba wa buluku.

Zimene mphunzitsiyo anachita sindidzaziiwala. Mantha atamusokoneza, anachita chimene mayi ake anamuphunzitsa kuchita akakumana ndi mayi wachikulire. Anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono, n'kupereka moni wathu uja waulemu.

"Ndikupsompsona dzanja lanu, mayi," anatero kwa galuyo. "Ndabwera kudzapempha Hajnalka. Ndikuopani kwambiri, sindikubisirani."

Vendel anayamba kuseka, koma anapezeka kuti akuseka yekha.

Tisza anatsitsa mutu n'kununkhiza mwendo wamanzere, pomwe pali chipsera, ngati kuti wina anamuuza. Ananunkhiza nthawi yaitali. Kenako anapuma mwamphamvu, n'kutsamira miyendo ya Botond ndi thupi lake lonse, n'kutsetsereka mpaka kugona pa nsapato zake. Tsitsi linandiima. Galu ameneyu ndinamuona akubadwa, ndipo zoterezi amachitira achimwene okha, nawonso osati tsiku lililonse. Ana ake anatuluka m'khola akugubuduka ngati mipira ya ubweya, ndipo iye sanadzuke kuti awabweze. Kakakazi kaja kanafika n'kuyamba kutafuna chingwe cha nsapato.

Mayi wa ku bungwe anavula magalasi n'kunena chapansipansi kuti wayendera makola ambiri koma komondor woyamwitsa kugonera mlendo sanaonepo. Hajnalka ankalira osabisa. Ine ndinangogwira pakamwa. Ndinayang'ana achimwene, ndipo ndinaona pa nkhope pawo chimene ndinachiona komaliza tsiku limene bambo athu ankamwalira: ulemu wosakaniza ndi mantha. Iwo amakhulupirira galu kuposa munthu aliyense.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero pomaliza. "Lowani, aphunzitsi, supu ikuzizira. Tikadya mutcha kagaluko."

Botond anayankha kuti angakonde kulowa, koma sakudziwa kuti mayiwo awapemphe bwanji kuti amubwezere mapazi ake.

*

Mwambo uli ndi mbali ina. Dzina amasankha mwamuna yekha, mkazi samunong'oneza. Ndiye achimwene anakhazika Botond kumanja kwawo, jekete lake n'kulikoloweka m'khonde la mkati, n'kutumiza Hajnalka kukhitchini kuti azingobwera ndi mbale.

Mwanayo ankauluka. Anathira mchere kawiri mu kabichi, anandipsompsona patsaya, n'kuyamba kundifunsa ngati diresi langa laukwati likadali m'bokosi. Kenako anaima chilili, chipande chili m'manja.

"Azakhali, sindinamuuzepo kumene amayi anapita. Amangodziwa kuti anachoka."

Ndinamuuza kuti asadzivutitse, mitsinje ndi yambiri. Koma nditayamba kuwerenga mumtima ndinaona kuti ya chilembo chimenechi yatsala yochepa. Itatu inali itapita kwa ana amuna a Tisza, Körös tinautcha galu wina kale ndipo dzina silibwerezedwa m'khola, Kurca unali wa Vendel. Hajnalka anatulutsa foni n'kulemba msangamsanga kuti amuchenjeze. Tinamva foni ya Botond ikunjenjemera m'thumba la jekete, m'khonde, mwini wake ali pabalaza akuyamikira supu.

Atamaliza kudya amuna anatuluka kukapuma mphepo. Pawindo ndinaona Vendel atakolowekera Botond mkono paphewa pansi pa mtengo wa mapeyala, akumuthirira pálinka, akulankhula naye moseka. Botond ankangogwedeza mutu mothokoza. Hajnalka anafuna kutuluka, koma achimwene anali ataima pakhomo la khitchini akutokosa m'mano, ndipo anamuuza kuti adikire, wadikira kale zaka.

"Waona?" anandiuza ine, akuloza panja. "Vendel ndi mwamuna. Wagonja koma sanakwiye."

Mtima wanga sunakhazikike, koma ndinalibe choti n'kuloza.

*

Tinasonkhana pabwalo. Mayi wa ku bungwe anakhala patebulo la pansi pa mphesa, cholembera m'manja, dzina la khola atalemba kale. Achimwene anachita ndendende monga ankachitira bambo athu: anakankhira kagaluko ndi phazi kwa Botond.

"Katcheni. Limene munene ndi limene lilembedwe."

Botond anagwada n'kukanyamula. Anayang'ana Hajnalka n'kumwetulira. Mwanayo anayesa kupukusa mutu, kutulutsa maso, koma iye anaona ngati ndi chimwemwe.

"Bambo," anatero, "ine za agalu sindidziwa, ndipo sindikufuna kudzionetsa. Koma ndamva kuti pali mtsinje umodzi umene mumaukonda kuposa yonse, umene mwakhala mukuusungira galu wapamtima. Ndiye ndati ndikupatseni lero. Akhale Berekparti Kraszna."

Mbale imene Hajnalka anagwira inagwa n'kusweka. Palibe anayang'ana pansi.

Dzinalo linali lisanamveke pabwalo pathu kuyambira tsiku limene mlamu wanga anatuluka ndi sutikesi yake. Linamveka lachilendo, lokongola ndithu, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri. Achimwene sanakuwe. Magazi anachoka kumaso kwawo, khosi n'kufiira. Botond anayang'ana nkhope zathu imodziimodzi, kumwetulira kukuzimirira, mpaka maso ake anafika pa Vendel. Vendel anali akuyang'ana mphesa ngati akuziwerenga.

Hajnalka anathamangira kwa bambo ake n'kuwagwira mkono. Anawauza kuti Botond sankadziwa, kuti wina wamunamiza, kuti afunse amene anali naye pansi pa mtengo. Botond anatsegula pakamwa, koma achimwene anakweza dzanja.

"Pakamwa ndi pake," anatero. "Munthu amene akufuna kulowa m'banja amayamba wafunsa kumene banjalo linavulala."

Mayi wa ku bungwe, poona mmene zinthu zinalili, anati sanalembe kanthu, ndipo mnyamatayo atha kusankha lina popanda vuto. Ndinamudalitsa mumtima. Koma achimwene anga ndimawadziwa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo iwo angalole kudulidwa wawo kusiyana n'kuti ku bala akamve kuti a Domokos anabweza mawu.

"Lembani, mayi. Ndinanena kuti limene anene."

Cholembera chinayenda, tonse tikuchimva. Mayiyo anawerenga mokweza monga mwa lamulo, ndipo dzinalo linamvekanso kachiwiri.

Achimwene anapita kwa Botond. Anasisita kagaluko pamutu ndi chala chimodzi, kagalu kamene anakadikira zaka zambiri, komaliza ka magazi a Tisza.

"Dzina mwatcha, aphunzitsi, ndipo ndi lake mpaka imfa. Koma sindingadzuke m'mawa uliwonse n'kumaitana dzina limeneli pabwalo panga. Mutengeni, ndi wanu. Tisza, mleke atuluke."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Ndipo iwe, ngati mtsinje umenewu ukukuitana nawenso, chipata ndi chomwecho. Amayi ako anatulukira pomwepo."

*

Botond anayenda kupita kuchipata, kagalu kali pachifuwa, jekete ataliiwala m'nyumba. Atatuluka anaima mumsewu, osadziwa kolowera. Kagaluko kanalira kamodzi.

Tisza anadzuka. Achimwene anaimba mluzu wawo uja, umene galuyo sanauphonyepo chibadwire, koma iye anapitirira. Atafika pachipata sanatuluke. Anagona chopingasa pakati penipeni, mutu mumsewu, mchira pabwalo.

Vendel anayandikira Hajnalka n'kuyamba kunena kuti n'zomvetsa chisoni, koma munthu wakunja ndi wakunja basi. Mwanayo sanamuyang'ane n'komwe. Anamasula epuloni, n'kuipinda bwinobwino, n'kundipatsa m'manja.

"Azakhali, supu yotsala muike mufiriji. Bambo amaikonda Lolemba."

Ndinafuna kumugwira, ndinafunanso kumukankha kuti afulumire, ndipo ndinalephera zonse ziwiri. Anayenda mpaka pachipata n'kuima, chifukwa Tisza satulutsa munthu mwini khomo asananene, ngakhale wa m'nyumba momwemo zikavuta. Galuyo anadzutsa mutu n'kuyang'ana achimwene. Iwo anali ataluma mano, osanena inde, osanena ayi. Ndiye Tisza anachita zimene sanaphunzitsidwe ndi munthu: anapinda miyendo yakumbuyo n'kusiya kampata kokwana phazi limodzi. Hajnalka anadutsa.

Anayenda awiriwo kulowera ku depoti, osagwirana manja, osacheuka.

"Etelka, tseka chipata," achimwene anatero.

Ndinapita n'kukankha. Chitsulo chinagunda nthiti za Tisza n'kubwerera. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, achimwene anaimbanso mluzu mpaka milomo kuuma, koma galuyo anangoika chibwano pa miyendo yake, akuyang'ana kumene kwapita ana awiri aja, wake ndi wathu. Vendel anayesa kulawira kuti azipita, ndipo atangoyandikira, Tisza anatulutsa kamkokomo kapansipansi kamene kanamubweza mpaka pa mtengo wa mapeyala. Anakhala pamenepo ndi kabokosi kake ka lamba, akudikira mawu a mwini khomo.

Mwini khomoyo anali atakhala pa sitepe ya khonde, chipewa chili pabondo, ndipo sanamukumbuke n'komwe. Ankangoyang'ana chipata chimene chinakana kutsekeka.